Luso la mphunzitsi limakulira pasukulu pomwepo, pakati pa anzake

Zaka zimene ndinkaphunzitsa Sitandade 3 pasukulu ina ya kumudzi, panali yankho limodzi limene linkandisowetsa mtendere chaka ndi chaka. Ndikalemba pabolodi samu ya 52 kuchotsa 27, ana ambiri ankalemba 35. Ndinkathetha ndi cholembera chofiira, kufotokozanso za kubwereka, kukweza mawu, kenaka n'kupita pamutu wina chifukwa sikimu, ndondomeko ya ntchito ya teremu, sidikira munthu. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti ana a dera limenelo samu siwalowa.

Tsiku lina mayi wina wachikulire amene ankaphunzitsa Sitandade 2 anakhala kumbuyo kwa kalasi yanga. Ana ake anali ataweruka kale, ndipo ankangodikira kuti mvula ikate. Phunziro litatha anatenga makope asanu, n'kuwayala patebulo. Anati, "Aphunzitsi, taonani bwino. Anawa sakulota ayi. Onse akuchita chinthu chimodzi. Akaona 2 pamwamba ndi 7 pansi, akuchotsa yaing'ono mu yaikulu, n'kupeza 5. Kenaka 5 kuchotsa 2, n'kupeza 3. Akumvera zimene tinawauza ife kumunsi kuno, zoti chachikulu sichichoka m'chaching'ono." M'mawa mwake anabwera ndi timitengo tomangidwa m'mitolo ya khumikhumi. Mwana aliyense amene anapita kutsogolo anapatsidwa mitolo isanu ndi timitengo tiwiri, n'kuuzidwa kuti apereke 27 kwa mnzake. Mwana amafika pomasula yekha mtolo umodzi, chifukwa palibe njira ina yopezera timitengo 7. Mawu oti "kubwereka", amene ndinakhala ndikuwabwereza zaka zonsezo, anapeza tanthauzo m'manja mwa ana tsiku limenelo.

Ndinali nditapitako ku maphunziro angapo a aphunzitsi nthawi imeneyo, ena a masiku atatu, ena a sabata. Palibe ngakhale amodzi amene anandionetsa chimene mayi uja anandionetsa pa mphindi khumi. Sikuti ophunzitsa aja anali osadziwa. Vuto n'lakuti sanaone ana anga, sanaone makope awo, ndipo sanandione ine ndikuphunzitsa. N'chifukwa chake ndikunena kuti ngati tikufunadi kuti ana a m'Malawi muno aziwerenga ndi kuwerengera, ndalama, nthawi ndi ulemu zimene timaika pa kusula aphunzitsi zitembenukire kusukulu, kumene aphunzitsi angamakonzere phunziro limodzi, kuonerana pophunzitsa ndi kukambirana za ana enieni amene ali nawo.

Uphunzitsi uli ndi chinthu chimodzi chimene ntchito zina zilibe. Mmisiri womanga nyumba amayala njerwa mnzake akuona, ndipo khoma likayamba kukhota amauzidwa pomwepo. Namwino watsopano amabaya jakisoni wamkulu wake ali pambali. Koma mphunzitsi akalowa m'kalasi amakhala yekha ndi ana, ndipo akhoza kulakwitsa chinthu chimodzimodzi kwa zaka makumi awiri popanda womuuza. Akhozanso kupeza njira yabwino kwambiri yophunzitsira maphatikizo ovuta ngati nkha, mpha ndi ng'a, mnzake wa kuseri kwa khoma osaidziwa mpaka kupuma pantchito. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ndipo m'sukulu zathu zambiri mphunzitsi alidi yekha ngakhale pali anzake khumi.

Kuti timvetse mmene tinafikira pano, tibwerere ku 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale. Ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero n'kudumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo sindidzanena mosiyana. Koma aphunzitsi anaperewera, ndiye boma linalemba anthu masauzande ambiri amene sanapiteko ku koleji, n'kuwapatsa maphunziro a masabata ochepa asanawatumize m'makalasi. Pulogalamu ya MIITEP, imene inayamba mu 1997, inakonzedwa kuti isule aphunzitsi oterewa pafupifupi 18,000. Ankakhala ku koleji miyezi itatu, nthawi yotsala yambiri n'kumaphunzira ali pantchito, poyembekezera kuti a hedi ndi aphunzitsi akale aziwayang'anira. Ganizo linali lolondola. Kumene kunali mphunzitsi wakale wamtima wabwino, achinyamata aja anakula n'kukhala akatswiri. Kumene kunalibe, anangophunzira kupirira.

Nthawi yomweyo dziko linagawidwa m'mazoni, n'kumanga malo osulira aphunzitsi otchedwa TDC oposa 300, aliwonse ndi mlangizi wake, a PEA. Dzina lenilenilo likunena ntchito yake: malo okulitsira luso la aphunzitsi, pansi pa mlangizi. Lero funsani mphunzitsi aliyense kuti amapita ku TDC kukatani. Akuuzani za kukapereka mafomu, kukatenga mabuku, kukamva uthenga wochokera ku boma, kukalembetsa ana a Sitandade 8. A PEA nawo amathera masiku awo posonkhanitsa ziwerengero ndi kuzimitsa mikangano, ndipo njinga yamoto ikasowa mafuta sukulu za kutali zimatha teremu yathunthu osawaona. Nyumba tinamanga, maudindo tinakhazikitsa, koma ntchito imene tinamangira nyumbazo inakankhidwira pakona.

M'malo mwake tinazolowera njira yopatsirana kuchokera kumwamba. Silabasi ikasintha, monga zinachitikira ndi silabasi ya kupulayimale yotchedwa PCAR kuyambira mu 2007, akatswiri ochepa amasulidwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi kapena ku hotelo ina ya kunyanja. Iwo amakaphunzitsa a m'maboma, a m'maboma amakaphunzitsa a PEA ndi aphunzitsi osankhidwa, ndipo awa ndiwo amadzatiphunzitsa ife patchuthi. Zili ngati kupatsirana madzi m'manja kuchokera kudambo mpaka kumudzi: womaliza amalandira chinyontho chokha. Za sabata yathunthu zimafinyidwa kukhala za masiku awiri, za masiku awiri zimasanduka chilengezo cha theka la ola pa msonkhano wa aphunzitsi. Sindikuti njirayi ilibe ntchito konse. Buku latsopano likatuluka, pamafunikadi njira yofulumira yoti aphunzitsi onse alione ndi kudziwa mmene lasanjidwira. Koma kudziwa buku ndi kudziwa kuphunzitsa mwana ndi zinthu ziwiri. Chachiwiricho chimabwera munthu akayesa, kulephera, kuuzidwa pamene walepherera, n'kuyesanso mawa lake ndi ana omwewo.

Pali nkhani ya alawansi, ndipo pano ndikufuna kulankhula mosamala chifukwa ndikudziwa mmene mwezi umatalikira kwa mphunzitsi wa giledi yapansi ya PT4. Munthu amene malipiro ake amatha sabata yachiwiri sangadzudzulidwe chifukwa chosangalala ndi envelopu ya ku semina. Ndalama imeneyo imalipira fizi ya mwana, imagula feteleza. Koma tivomereze chimene chizolowezichi chatichita. Chaphunzitsa aphunzitsi kuti kuphunzira ndi chinthu chimene munthu amalipidwa akachita, chochitikira kutali, chobwera ndi mabungwe. A hedi akaitanitsa CPD, msonkhano wosulana luso pasukulu pomwepo, funso loyamba limakhala lakuti kuli kanthu kodi. Chabweretsanso kaduka, chifukwa nthawi zambiri amapita ndi anthu omwewomwewo, ndipo otsala amati amene anadya alawansi ndiye akaphunzitse yekha. Mankhwala ake si kunyoza aphunzitsi. Ndi kuwalipira malipiro okwanira ndi kuwakweza pantchito panthawi yake, kuti kuphunzira kusakhalenso njira yopezera ndiwo.

Wina anganene kuti zimene ndikukambazi ndi maloto a mayiko olemera. N'zoona kuti dziko lodziwika kwambiri pa nkhaniyi ndi Japan, kumene kwa zaka zoposa 100 aphunzitsi akhala ndi mwambo wosankha mutu umodzi wovuta, kuukonzera phunziro pamodzi, mmodzi n'kuphunzitsa ena akuonerera, kenaka n'kukhala pansi kukambirana. Chimene chimandigwira mtima pa mwambowu n'chakuti oonererawo maso awo sakhala kwenikweni pa mphunzitsi. Amayang'ana ana: uyu wakakamira pati, uyu walemba chiyani, funso lija analimva bwanji. Phunzirolo ndi la gulu lonse, choncho likalephera palibe wochita manyazi payekha.

Koma sitifunika kupita ku Japan. Anzathu a ku Zambia, amene makalasi awo ndi odzaza ngati athu, anayamba njira yomweyi mu 2005 m'chigawo cha Central mothandizidwa ndi bungwe la boma la Japan lotchedwa JICA. Anayamba ndi aphunzitsi a sayansi, n'kuilowetsa m'misonkhano ya aphunzitsi imene inalipo kale m'sukulu pansi pa ndondomeko yawo ya SPRINT, ndipo patatha zaka pafupifupi khumi inali itafika m'zigawo zonse khumi za dzikolo. Zambia sinathetse mavuto ake onse a maphunziro ndi njira imeneyi, ndipo pa kafukufuku wa SACMEQ wa mu 2007, woyerekeza mmene ana amakhozera m'mayiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa, ife ndi iwo tinali limodzi kumchira pa kuwerenga ndi masamu. Chimene ndikutengapo n'chakuti anaonetsa kuti aphunzitsi a m'dziko losauka akhoza kukumana pasukulu pawo, pandalama zochepa, n'kupanga zimenezi kukhala gawo la ntchito.

Ifenso tili ndi poyambira. Pulogalamu yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi ya SMASSE, imene inayambira ku Kenya mu 1998, inafika kuno mu 2004 kudzera ku Domasi College of Education ndi chigawo cha maphunziro cha South East, isanafalikire dziko lonse. Aphunzitsi a masamu ndi sayansi a ku sekondale, makamaka a m'sukulu zoyendera za CDSS amene ambiri anasulidwira kupulayimale, anapindula nayo. Ndondomeko ya kuwerenga ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016 mothandizidwa ndi bungwe la boma la America la USAID, inabweretsa ganizo loti akulu a zigawo pasukulu azilowa m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4 kukathandiza anzawo. Kumene izi zinachitika mokhulupirika, aphunzitsi anayamba kuzolowera kuona mnzawo atakhala kumbuyo ndi kope. Koma zinthu zotsamira pa thumba la mlendo zimagwa mlendoyo akanyamuka, ndipo tinaziona ndi maso mu 2025 pamene boma la America linadula thandizo la USAID. Chimene sichingadulidwe ndi munthu wa ku Washington ndi aphunzitsi asanu okhala pansi pa mtengo Lachitatu masana ali ndi makope a ana awo.

Ndikudziwa zimene aphunzitsi anzanga ayankhe, chifukwa inenso ndinkayankha chimodzimodzi. Nthawi ili kuti? Boma limati mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi a kumunsi si zachilendo kupeza oposa 100. Munthu akaweruka ali ndi mulu wa makope, chikonzekero cha mawa, ulendo wa njinga wobwerera kumene amachita lendi, ndiponso munda. Kumuuza kuti atsalire kukambirana ndi kumusenzetsa katundu wina. Dandaulo limeneli n'loona, ndipo n'chifukwa chake ndikukana zoti nkhaniyi izisiyidwa ku chifundo cha aphunzitsi. Unduna wa Zamaphunziro ulembe nthawiyi pa ndandanda ya sukulu monga umalembera phunziro la Chichewa kapena masamu, ngakhale ola limodzi ndi theka pa masabata awiri aliwonse, mkati mwa nthawi ya ntchito. Ndipo tisaiwale kuti kukonzera limodzi kumapeputsanso ntchito. Pasukulu pamene pali makalasi atatu a Sitandade 2, aphunzitsi atatu amalemba aliyense chikonzekero chake cha phunziro lomwelo, kupanga aliyense makadi ake a maphatikizo. Atagawana, aliyense angagwire gawo limodzi mwa magawo atatu, zipangizo za TALULAR, zopangidwa ndi zinthu zopezeka m'dera lomwelo, n'kumazungulira makalasi onse.

Dandaulo lachiwiri n'lozama kuposa loyamba, ngakhale silinenedwa poyera. Ndi mantha. Kwa ambiri a ife, munthu wokhala kumbuyo kwa kalasi amatikumbutsa oyendera sukulu, fomu yopatsa malikisi, ndi mawu olembedwa mu failo. Mphunzitsi akamva kuti mawa adzaonereredwa, amasankha phunziro limene ana analidziwa kale, amauza anzeru kuti akhale kutsogolo, ndipo woonerera amaona sewero. Palinso ulemu wathu. Mtsikana wongochoka kumene ku koleji ya aphunzitsi ya Machinga kapena ya Kasungu angauze bwanji bambo amene anaphunzitsa amayi ake kuti funso lawo ana sanalimve? Ndipo bamboyo angavomere bwanji pamaso pa anzake? Apa ndi pamene njira yoyang'ana ana imathandiza. Mtsikanayo sayenera kunena kuti abambo mwalakwitsa. Akhoza kunena kuti, "Ndinakhala pafupi ndi gulu la pawindo, ndipo ana anayi analemba chonchi." Kope la mwana likakhala patebulo, nkhani imachoka pa munthu n'kupita pa ntchito. A hedi ndiwo ayenera kuyamba kuonereredwa, kuti aliyense aone kuti palibe chochititsa manyazi. Ndipo zolembedwa pa zokambiranazi zisalowe mu failo ya munthu. Tsiku limene zidzagwiritsidwe ntchito polanga mphunzitsi, khomo lililonse pasukulupo lidzatsekedwanso.

Pali chinthu china chimene otsutsa amanena, ndipo ndimachilemekeza. Amati aphunzitsi asanu amene onse sadziwa bwino tizigawo ta nambala akakhala pamodzi, adzangolimbikitsana pa cholakwika. Zimenezi zimachitikadi. Ndinaonapo misonkhano ya CPD imene inangokhala yowerengerana kalata ndi kudandaula za malipiro, n'kulemba m'buku kuti yachitika. Kukumana pakokha sikuphunzitsa munthu. Pamafunika funso lenileni lochokera m'makope a ana, ndiponso nthawi ndi nthawi pamafunika munthu wakunja wodziwa zambiri, paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Apa ndiye pali ntchito yeniyeni ya a PEA, ya aphunzitsi a m'makoleji ndi ya akatswiri a ku Domasi. M'malo moitanira anthu makumi asanu ku holo, katswiri apite kusukulu, akhale pabenchi, aonerere phunziro limene aphunzitsi akonza okha, n'kuthandiza pamene nzeru zawo zathera. Ndalama ya malo ogona ndi chakudya cha semina imodzi ya kunyanja ingagule mafuta a njinga zamoto zingati? Aliyense amene anakonzapo bajeti ya semina akhoza kuwerengetsa yekha.

Sukulu zazing'ono za kutali, kumene aphunzitsi anayi amagwira makalasi asanu ndi atatu, zikhoza kuphatikizana ndi zoyandikana nazo kamodzi pamwezi, monga ma sekondale amachitira m'magulu awo. Magulu a WhatsApp amene aphunzitsi ali nawo kale angathandize kutumizirana chithunzi cha bolodi kapena funso la usiku, ngakhale foni singalowe m'malo mwa kukhala m'kalasi ndi kumva mmene ana akhalira chete funso likawakanika. Ndalama ya SIG yotukulira sukulu, imene boma limatumiza m'sukulu, ikhoza kupatulako kachigawo kogulira mapepala ndi zolembera za ntchito imeneyi, makomiti a sukulu atafotokozeredwa chifukwa chake. Makolo amamvetsa zinthu zikanenedwa poyera. Amene amadandaula akaona ana aweruka msanga Lachitatu adzakhala oyamba kuteteza nthawiyo akadzaona mwana wa Sitandade 2 akuwawerengera kalata ya kuchipatala.

Chimene ndikuopa kwambiri ndi nkhani ya ziphaso. Lamulo la maphunziro la mu 2013 linakhazikitsa Teachers Council of Malawi kuti izilembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa chilolezo chogwirira ntchito, ndipo n'zoyenera kuti ntchito yathu ikhale ndi mlonda ngati ya anamwino ndi madokotala. Koma ngati kukonzanso chilolezo kapena kukwezedwa pantchito kudzadalira kuchuluka kwa masatifiketi a semina, tidzakhala tadyetsa chilombo chomwe chija cha masemina ndi alawansi. Wa mtauni, woyandikana ndi maofesi, adzadzaza failo, pamene wa ku Chikwawa kumalire kapena kumapiri a ku Chitipa adzatsalira. A khonsoloyi pamodzi ndi Teachers Union of Malawi aumirire kuti ntchito ya pasukulu iziwerengedwa: maphunziro amene munthu wakonza ndi anzake, achinyamata amene wawalera pantchito, kusintha kooneka m'makope a ana ake. Mphunzitsi amene amasula anzake akhale ndi njira yokwerera popanda kusiya choko n'kupita mu ofesi, chifukwa pakali pano njira yokhayo yolemekezera mphunzitsi waluso ndi kumuchotsa m'kalasi.

Mayi uja wa Sitandade 2 anapuma pantchito patapita zaka zochepa. Ankadziwa nyimbo ya liwu lililonse, ankadziwa kuzindikira mwana wosamva bwino pa sabata yoyamba, ankadziwa kukhazika chete ana 120 popanda kugwira ndodo. Pa zaka zonse zimene ndinagwira naye ntchito, dzina lake silinatulukepo pa mndandanda wa opita ku semina, ndipo palibe anamupemphapo kuti aime kutsogolo kwa aphunzitsi a zoni yathu n'kuonetsa mmene amachitira. Ine ndinatolako za timitengo zija chifukwa cha mvula ya tsiku limodzi. Zina zonse anapita nazo kumudzi kwawo, ndipo kalasi yake anaipatsa mnyamata wongofika kumene, amene anayamba yekha kuyambira pachiyambi.